Utsi wa Sitima ya Winton

Ndiyambe ndi kuulula kuti tsiku limene mphwanga wokhala ku England ananditumizira kanema wa sitima ya malasha, ndinaona ngati ndi masewera a anthu okhuta. Ife kuno mabuku a nyimbo akutiperewera m'mipingo, iwo uko akuwotcha malasha kuti ayendetse chitsulo chimene makolo awo anachitaya kalekale. Ndinamuyankha motero ndithu. Iye sanatsutsane nane, anangoti, "Malume, onetsetsani anthu amene akutsikawo."

Ndinaonanso kachiwiri. Ena mwa otsika m'sitimamo anali nkhalamba za imvi, zina zoyendera ndodo, zitagwiridwa mikono ndi ana ndi adzukulu. Malo ake anali siteshoni ya Liverpool Street mumzinda wa London, tsiku lake 4 Sepitembala 2009. Amene anali kuwadikira pamenepo anali mkulu wa zaka 100, dzina lake Nicholas Winton.

Mbiri yake ndi iyi. Mu Disembala 1938, Winton, mnyamata wa zaka 29 wogwira ntchito pa msika wa masheya, anasiya tchuthi chimene anakonza napita ku Prague, kumene mabanja a Ayuda anali ndi mantha chifukwa cha Hitler. Pamodzi ndi anzake monga Doreen Warriner ndi Trevor Chadwick, anayamba kulemba maina a ana ndi kuwafunira mabanja owalandira ku Britain. Boma la kumeneko linkafuna chikole cha mapaundi 50 pa mwana aliyense. Mu 1939 ana 669 anapulumuka mwa njira imeneyi, ambiri a iwo pa sitima. Makolo awo anatsala pa siteshoni akukupiza manja, ndipo ochuluka a iwo anaphedwa m'misasa ya Anazi. Sitima yotsiriza, ya ana pafupifupi 250, inayenera kunyamuka pa 1 Sepitembala 1939, koma nkhondo inayamba tsiku lomwelo ndipo malire anatsekedwa. Pafupifupi onsewo sanamvekenso. Winton anakhala zaka zambiri osaitchulatchula nkhaniyi, kufikira mu 1988 pamene buku lake la maina ndi zithunzi za anawo linadziwika kwa anthu.

Patapita zaka 70, anthu a ku Czech anakonza kuti ulendo uja uyendedwenso. Sitima inanyamuka ku Prague pa 1 Sepitembala 2009, nidzera ku Nuremberg ndi ku Cologne kufika ku gombe la Hook of Holland. Apo anthu anawoloka nyanja pa chombo kupita ku Harwich, nakweranso sitima ya ku London. Ndege imauluka mtunda umenewu maola awiri okha. Iwo anayenda masiku anayi, ndipo mabogi awo ankakokedwa ndi mainjini a nthunzi, dziko lililonse kutulutsa yake.

Apa m'pamene ndinafuna kudziwa kuti ntchito yotere imalira chiyani, ndipo mphwanga, amene amakonda za njanji kuposa za ukwati, anandimasulira. Ku Britain sitima za malasha zinaleka ntchito pa njanji zazikulu mu Ogasiti 1968, ndipo zinaloledwa kubwererapo mwa apo ndi apo kuyambira 1971. Koma pofika nthawi imeneyo dziko linali litasintha. Mipopi yothirira madzi m'masiteshoni inazulidwa, kotero kuti masiku ano galimoto ya thanki imayenera kukadikira panjira kuti imwetse injini. Moto amaukoleza dzulo lake, pang'onopang'ono, chifukwa chitsulo chikatenthedwa mothamanga chimang'aluka. Kumbuyo kwa injini kumakhala bogi ya anthu odzipereka, onyamula mafuta, zipangizo ndi mafosholo, amene amagona momwemo. Pakatha zaka khumi zilizonse, chithanki chowiritsira madzi chimafunika kuchiphwasula ndi kuchiyesa. Ndipo injini yakaleyo iyenera kuikidwa zida zatsopano zotetezera ngozi, ndi kusunga nthawi yake pakati pa sitima za magetsi zothamanga kwambiri, pakuti ikachedwa imachedwetsa anthu zikwizikwi. Wosonkhezera moto amaponya malasha ndi fosholo ulendo wonse, thukuta lili kamukamu.

Injini imene inakoka chigawo chotsiriza, kuchokera ku Harwich, ili ndi mbiri yakeyake. Dzina lake ndi Tornado, nambala 60163. Iyo si yakale konse. Mainjini 49 a mtundu wake anaphwanyidwa onse pofika 1966, osatsalako ngakhale imodzi. Mu 1990 gulu la anthu wamba linapangana kumanga ina yatsopano potsata mapulani akale, ndipo linapempha aliyense kuti azipereka mlungu uliwonse mtengo wa kapu imodzi ya mowa. (Akulu ampingo andikhululukire, ndingoti ndalama ya mowa siinagwirepo ntchito yabwino ngati imeneyi.) Anaimaliza ku Darlington mu 2008, patatha zaka 18, atawononga mapaundi pafupifupi mamiliyoni atatu. Imanyamula malasha matani asanu ndi awiri ndi theka, ndi madzi malita pafupifupi 28,000. Mu Febuluwale 2009 inakoka sitima ya banja lachifumu, itanyamula Charles, amene pa nthawiyo anali asanakhale mfumu. Koma kwa ine, ulemu wake waukulu unali wa mu Sepitembala uja.

Funso langa loyamba lija ndinalizindikira mochedwa kuti ndi lachibale ndi funso la Yudasi pa mafuta onunkhira a Mariya ku Betaniya. Sindikunena kuti njanji ndi guwa la nsembe, ndiponso Winton mwini, ngakhale anabatizidwa ali mwana, sanali munthu wa tchalitchi atakula. Msamariya uja nayenso sanali wa mpingo wa womufunsa Yesu. Chimene ndinaona n'chakuti mwana wa zaka zisanu sakumbukira deti kapena dzina la mzinda. Amakumbukira fungo la utsi, kulira kwa mluzu, kugwedezeka kwa benchi, ndi nkhope ya mayi ake ikuzimirira m'nthunzi. Sitima ya magetsi ikadawafikitsa okalambawo ku London msanga ndi mwaukhondo, koma sikadawabwezera pa siteshoni pamene anasiya makolo awo. Ndiye chifukwa chake panafunika malasha.

Nkhaniyi inandilasa pena pamene mphwanga sankadziwa. Ambiri a inu owerenga mukukumbukira zaka za nkhondo kuno ku Angonia, tisanafike pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992. Ine ndinawoloka malire kulowa ku Dedza mu 1986, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Panalibe sitima, tinayenda pansi usiku, mayi anga atandipereka m'manja mwa mnansi chifukwa iwo anatsala ndi agogo amene sankatha kuyenda. Kutsidyako mayi wina wamasiye, amene anali kale ndi ana ake anayi, ananditenga. Anandigoneka pa mphasa imodzi ndi ana ake, ndipo pogawa nsima sanali kuyamba wayang'ana kuti wobadwa m'nyumbamo ndani. Ndinakhala naye zaka zitatu. Zimene ndimakumbukira ine ndi fungo la utsi wa zitsononkho m'khitchini mwake, ndi chifuwa chake cha m'mamawa.

Titabwerera kwathu ndinamulembera kalata imodzi. Kenaka sukulu, ukwati, ana, munda, ntchito za mpingo. Ndakhala ndikuimirira kutsogolo kuphunzitsa za akhate khumi aja, ndi kudzudzula asanu ndi anayi amene sanabwerere kudzathokoza, osamva kuti ndikudzitchula ndekha. Okalamba a mu kanema uja anawoloka maiko anayi ndi nyanja kuti akagwire dzanja la munthu amene analemba maina awo. Winton anamwalira mu 2015 ali ndi zaka 106, iwo atamufikira kale. Kuchoka pa Ulongwe kufika kumudzi kwa mayi uja ndi ulendo wosakwana theka la tsiku.

Ndapempha abusa kuti andimasule pa ntchito ya Sabata likudzali. Mkazi wanga wasankha nkhuku ziwiri ndi thumba la mbatatesi, ndipo ndatenga mwana wanga wamkulu kuti akaone nyumbayo. Tidzanyamuka Loweruka m'mamawa. Ngati mayiyo ali moyo, ali ndi zaka zoposa 80. Ndilibe nambala ya foni ya aliyense kumeneko, choncho tikafunsa kwa anyakwawa.