Pansi pa phiri la Mulanje shuga amabisala mwa anthu a ntchito

Ukachoka ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi ku Luchenza, phiri la Mulanje limayamba kuoneka patali ngati mtambo wakuda umene wakana kusuntha. Pofika pa Chitakale limakhala litadzaza maso onse. Nsonga yake, Sapitwa, ili pa mamita 3,002, ndipo m'munsi mwake minda ya tiyi yangoti biriwiri mpaka cha ku Limbuli ndi kumalire a Muloza.

Ndakhala kuno masiku angapo ndipo chimene chandigwira mtima ndi mmene anthu ake amagwirira ntchito. Othyola tiyi amalawirira mame asanaume, dengu lili kumsana. Anyamata a ku Likhubula amasenza katundu wa alendo kukwera naye phiri ngati palibe kanthu. Akabaza, ogulitsa nanazi m'mbali mwa msewu, amayi osenza nkhuni, onsewa thukuta lili kamukamu. N'chifukwa chake ukatchula matenda a shuga pagulu, ambiri amangoseka. Amati amenewo ndi matenda a mabwana a ku Blantyre, eni mimba ndi magalimoto.

Maganizo amenewa ine amandiopsa. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi shuga wokwera, ndipo akumudzi analimonso. Kugwira ntchito yolimba kumateteza ndithu, koma sikufafaniza zakumtundu kapena ukalamba.

Choipa china n'chakuti kuno chizindikiro chilichonse chili ndi pobisala. Ludzu losatha, munthu amati ndi dzuwa la m'munda. Kufooka, amati ndi ntchito. Kukodza pafupipafupi usiku, amati ndi tiyi amene anamwa madzulo. Akayamba kuonda, anansi amanong'onezana za matenda ena aja, mwiniwake n'kuchita manyazi. Ndipo alipo ambiri amene samva chilichonse kwa zaka, pomwe shuga akuwononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi mwakachetechete.

Kuyeza kwake sikuchedwa. Achipatala amabaya chala, dontho limodzi la magazi n'kuligwetsera pa kapepala kolowetsa m'kamakina, nambala n'kutuluka pomwepo. Ngati munthu wakhala maola 8 osadya, nambala ya 7.0 kapena kuposerapo imaloza ku matenda a shuga. Makina ena amawerenga mwa njira ina ndipo amalemba 126. Pakati pa 6.1 ndi 6.9, malinga ndi WHO, ndiye kuti matenda sanafike koma ali pakhomo. Apa ndi pamene kuchepetsa masupuni a shuga m'tiyi, kusiya zakumwa zotsekemera, kubwerera ku mgaiwa ndi ndiwo zamasamba, komanso kuchepetsa thupi kwa onenepa, kungabweze munthu m'mbuyo. Ngati munthu sakumva zizindikiro, achipatala amafuna kuyezanso tsiku lina asanatsimikize.

Vuto lenileni la ku Mulanje ndi maola 8 amenewo. Zipatala zazikulu ziwiri, cha boma ndi cha mishoni ya CCAP, zonse zili kufupi ndi pa boma. Wochokera kumidzi ya kutali amanyamuka kusanache, wapansi kapena pa kabaza, ndipo njala ikamupweteka panjira amagula mandasi kapena chinangwa chophika. Sindingamudzudzule. Chofunika n'chakuti akafika anene zoona kuti wadya, ndi nthawi imene wadyera, chifukwa muyeso wa munthu wodya ndi wina: pamenepo achipatala amayang'ana 11.1, kapena kuti 200. Madzi akumwa okha saletsedwa, choncho botolo atha kunyamula, kamba wake n'kudzadya akatha kubayidwa.

Amene mwapitirira zaka 40, amene kwanu kuli wodwala shuga, a BP, ndi amayi amene munabereka mwana wamkulu kwambiri, funsani pachipatala chimene muli nacho pafupi ngati akuyeza shuga, ndi tsiku limene amayeza.