Mlendo Asakhale Yekha: Zimene Ndinaona kwa Amayi a ku Canada

Inu amayi ndi abambo a m'midzi amene muwerenga nyuzi ino, ndi inunso amene mukumvera mwana akukuwerengerani pakhonde, ndikupemphani kuti munditchere khutu pang'ono. Ine ndine mayi wokalamba tsopano, ndipo sukulu sindinapite nayo patali. Koma ndili mtsikana ndinaona kanthu kena m'nyumba ya Azungu kamene kanadzandithandiza pa tsiku la mavuto, ndipo ndiganiza kuti si bwino ndipite nako kumanda osakuuzani.

M'chaka cha 1977 ndinachoka kwathu ku Dedza kunka ku Lilongwe kukafuna ntchito. Masiku amenewo mzindawo unali kumangidwa kumene, pakuti likulu la Boma linali litangosamuka ku Zomba mu 1975. Boma la Canada linali kuthandiza dziko lathu kumanga njanji yochokera ku Salima kudza ku Lilongwe, ndipo chifukwa cha ntchito imeneyi ndi zinanso kunabwera mabanja a ku Canada. Ine ndinalembedwa ntchito yolera mwana pa banja lina lotere. Abwana anali kukhala masiku ambiri kuthengo kumene anali kuyala njanji, ndipo pakhomo tinali kutsala adona, mwana wa miyezi 8, akhukhi ndi ine.

Tsono mverani chimene chinandidabwitsa. Nyumba inali yaikulu, madzi a m'mpopi, nyama ndi shuga zosasowa. Koma adona aja anali kuonda. M'mawa anali kukhala pazenera kudikira kalata ya kwawo, imene inali kutenga masabata kuti ifike, ndipo madzulo ndinali kuwapeza akulira. Ndinafunsa akhukhi kuti, "Kodi amayiwa adwala chiyani?" Iwo anaseka nati, "Mwanawe, amenewa sadwala. Asowa anthu." Ine ndinaganiza kuti akhukhi angonena, pakuti ndinali kuyesa kuti munthu wokhuta sangakhale ndi chisoni.

Tsiku lina kunafika galimoto, ndipo kunatsika mayi wina wa imvi atanyamula keke m'mbale. Sanali mbale wawo, ndiponso anali asanaonanepo. Anangomva kuti kwafika mnzawo wa ku Canada, nabwera kudzamuitana ku msonkhano wa amayi. Kuyambira tsiku limenelo adona anasintha, nayamba kudya ndi kuseka.

Bungwe lawo linali lotere. Anali kusonkhana kamodzi pa mwezi, lero kwa uyu, mwezi wamawa kwa wina, kuti mtolo usalemere munthu mmodzi. Aliyense anali kudza ndi mbale yake ya chakudya. Anali ndi wapampando, mlembi wosunga buku, ndi msungichuma wosunga kachitini ka ndalama, ndipo chaka chikatha anali kusankha ena. Panali bokosi la mabuku limene linali kuyenda nyumba ndi nyumba. Wolandira nyuzi ya kwawo, ngakhale yakale, anali kuibweretsa kuti onse awerenge. Ena anali kusoka chofunda chachikulu polumikiza tizidutswa ta nsalu totsala, ndipo chikatha anali kuchigulitsa, ndalama zake nagulira mabulangete a ana odwala.

Ntchito yawo yaikulu inali kulangiza obwera kumene. Anali kuwauza kuti madzi akumwa aziphitsa, azigona m'neti ndi kumwa mankhwala oletsa malungo, ndiponso kumene angagule ndiwo zabwino. Anali kuwachenjezanso za kavalidwe, pakuti lamulo la 1973 linali kuletsa akazi kuvala buluku ndi siketi yaifupi, ndipo linakhalapo mpaka 1993. Ine ndemwe ndinaphunzitsa amayi atatu kumanga chitenje, koma chinali kuwavuka asanafike pachipata.

Anali ndi masiku awo aakulu. Pa 1 Julaye anali kukumbukira tsiku limene zigawo za kwawo zinagwirizana kukhala dziko limodzi mu 1867. Anali kupachika mbendera yofiira ndi yoyera, yokhala ndi tsamba la mtengo wa maple pakati. Mtengo umenewu auboola pakutha pa nyengo yachisanu, natunga madzi ake, nawaphika mpaka atalimba ngati uchi. Pafunika malita ngati 40 a madziwo kuti papezeke lita imodzi ya uchiwo. Mayi wina akalandira kachitini kake kuchokera kwawo sanali kudya yekha, koma anali kusunga mpaka tsiku la msonkhano kuti aliyense alaweko.

Lolemba lachiwiri la mwezi wa Okutobala linali tsiku lawo lothokoza Mulungu chifukwa cha zokolola, pakuti kwawo ndiyo nthawi yotuta. Ine ndi akhukhi tinali kuseka, popeza kuno Okutobala ndi mwezi wa dzuwa, anthu ali kusosa m'minda ndipo nkhokwe zayamba kutsika. Pa tsikulo pafunika nkhukundembo ndi dzungu. Akhukhi anayenda misika iwiri kufuna dzungu la chilimwe, ndipo atalipeza adona analiphika ndi mazira, mkaka ndi shuga. Amayi aja polidya anakhala chete, wina nagwetsa misozi. Pamenepo ndinazindikira kuti sanali kulirira dzungu, koma amayi awo amene anali kuwaphikira dzungu lotero.

Musayese kuti anali angelo. Miseche inalipo monga kwathu kuno. Mayi wina wa ku Quebec, kumene alankhula Chifalansa, anali kudandaula kuti anzake a Chingerezi samumvera. Ndiponso ambiri a iwo anatha zaka m'dziko muno osadziwa mawu athu koposa "Moni" ndi "Zikomo", ndipo ife antchito tinali kuonera zonsezi tili chiimire kukhitchini. Ichi sindinachikonde, ndipo sindichiyamikira ngakhale lero. Koma munthu wanzeru atola chabwino nasiya choipa.

Chaka chachiwiri adona analandira lamya kuti atate awo amwalira. Ulendo unali wautali ndi wodula, kotero kuti maliro anaikidwa iwo ali kuno. Amayi a bungwe anafika tsiku lomwelo ndi chakudya, nagawana masiku ophika kwa sabata yathunthu. Koma dzuwa litalowa onse ananyamuka kunka kwawo. Ine ndinazizwa. Kodi namfedwa amsiya agone yekha? Ndinatenga mphasa yanga nkuyala pakhomo pa chipinda chawo. Pakati pa usiku anatuluka, nakhala pamphasapo pamodzi ndi ine mpaka kunacha. Chotero muone kuti ifenso tili ndi mwambo umene iwo alibe.

Usiku umenewo ndiwo anandisimbira za amayi awo, amene anali mlimi ku Ontario ndi membala wa bungwe la amayi a kumidzi lotchedwa Women's Institute. Nkhani yake ndi iyi. Kunali mayi wina dzina lake Adelaide Hoodless. Mu 1889 mwana wake wamwamuna anamwalira ali ndi miyezi 14, ndipo anthu ati chinamupha ndi mkaka wosasamalika. Mayiyo sanangolira ayi. Anayamba kuyenda kuuza anthu kuti atsikana ndi amayi aphunzitsidwe kasamalidwe ka chakudya, ka ana ndi ka nyumba, monga amuna aphunzitsidwa kasamalidwe ka ng'ombe. Mlimi wina, Erland Lee, anamuitana kukalankhula kwawo ku Stoney Creek, ndipo pa 19 Febuluwale 1897 amayi 101 anasonkhana nayambitsa bungwe loyamba.

Amene ananyamula bungweli kulitulutsa m'dziko la Canada analinso mlendo. Madge Watt, amuna ake atamwalira mu 1913, anasamukira ku Mangalande ndi ana ake awiri. Nkhondo yaikulu itabuka mu 1914 chakudya chinachepa, ndipo mayi wamasiye ameneyu anathandiza kuyambitsa bungwe loyamba la kumeneko mu 1915, pa mudzi wina wa pa chilumba cha Anglesey ku Wales. Mabungwewo anafalikira m'midzi yambiri, kotero kuti Mfumukazi Elizabeth analowa mu 1943 akali mtsikana, nakhala membala mpaka imfa yake mu 2022. Mu 1933 ku Stockholm anakhazikitsa mgwirizano wa amayi a kumidzi a maiko onse, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Madge Watt yemweyo. Akulu ananena zoona kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Sitima inafika ku Lilongwe mu 1979, njanji nipitirira kunka ku Mchinji, ndipo banja lija linabwerera kwawo. Ine ndinakwatiwa mu 1981, amuna anga nanditengera kwawo kumpoto kwa Kasungu, kumene ambiri alankhula Chitumbuka. Abale anga, pamenepo ndipo ndinamvetsa mawu a akhukhi aja. Nsima inalipo, apongozi sanali ankhanza, koma ndinali ndekha. Kuchitsime amayi anali kuseka kalankhulidwe kanga, ndipo ndinayamba kutunga madzi mbandakucha kuti ndisakumane ndi munthu. Amuna anga anali kukhala miyezi ku esiteti ya fodya. Ndinali kukhala pakhonde kuyang'ana njira, monga adona pazenera paja.

Mvula ya chaka chotsatira mwana wanga woyamba anatsegula m'mimba. Tsiku lachiwiri maso analowa, liwombo linagwa, ndipo anasiya kulira. Ena anati ndisamumwetse kanthu kuti m'mimba muume. Ndinalibe womufunsa. Ndiye ndinakumbukira mayi wa imvi uja ndi keke yake, ndipo ndinati, ngati palibe wogogoda kwa ine, ndikagogoda ndine. Ndinabereka mwana kunka kwa akazi a aphunzitsi, amene ndinali nditangomva kuti nawonso ndi a kutali, a ku Mulanje. Mayiyo sanandifunse zambiri. Anaphitsa madzi lita imodzi, nathiramo timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere, nayamba kumwetsa mwana pang'onopang'ono usiku wonse, nandiuza kuti ndisaleke kuyamwitsa. M'mawa amuna ake anatikweza njinga kunka kuchipatala. Mwana ameneyo lero ali ndi ana akeake asanu.

Atachira ndinabwerera kukathokoza ndi nkhuku. Pocheza tinawerenga atengwa a m'mudzimo ndi midzi yoyandikana, ndipo tinapeza kuti tilipo anayi, aliyense akulira m'nyumba mwake osadziwa za mnzake. Tinapangana kukumana Lachitatu loyamba la mwezi, lero kwa uyu, mwezi wamawa kwa wina. Keke tinalibe, tinali kudza ndi mbatata, mtedza wokazinga kapena thobwa. Poyamba anthu anati tikusonkhana kuti tizinena apongozi. Chifukwa cha ichi tinapita kwa anyakwawa kukawafotokozera, ndipo tinaitana apongozi anga kuti adzakhale nafe. Anabwera mokayika, koma pomaliza ndiwo anatiphunzitsa Chitumbuka chabwino ndi kasungidwe ka mfutso. Sipanapite zaka ziwiri eni mudzi analowa, ndipo tinayamba kulimirana minda ya odwala ndi kusonkha kangachepe ka pa maliro ndi pa chikuta.

Mwina mudzati, "Ife tili nazo kale za mvano ku tchalitchi ndi banki m'khonde." Inde, ndipo nzabwino. Koma taonani bwino amene akhala m'menemo. Kawirikawiri ndi eni mudzi odziwana kuyambira ubwana, kapena amene ali ndi ndalama yoponya. Nanga mtengwa wofika chaka chino? Nanga mkazi wa mphunzitsi, wa mlangizi, wa tenanti wa fodya? Nanga mtsikana amene mwamuna wake ali ku Joni? Amenewa sadzabwera okha, pakuti mlendo ali ndi manyazi. Chimene amayi a ku Canada anachidziwa ndi ichi, kuti woyamba kuyenda akhale amene anafika kale.

Chotero ndikupemphani zinthu zitatu. Choyamba, inu amayi, sabata lino werengani alendo a m'mudzi mwanu, ndipo mupite kwa mmodzi ndi kambale ka ufa kapena ndiwo, mukhale naye pamphasa, mumuuze za chitsime, chigayo ndi tsiku la sikelo ya ana. Chachiwiri, inu abambo ndi apongozi, musaletse mkazi kupita kwa anzake. Tsiku limene mwana adzadwala inu muli kutali, adzamupulumutsa ndi anzakewo. Chachitatu, mwana akatsegula m'mimba musamumane madzi kapena bere, mumwetseni madzi a mchere ndi shuga amene apereka kuchipatala, ndipo mufulumire naye kwa azaumoyo.

Adona aja sindinamvenso za iwo, ndipo mwina anatsogola kale. Anzanga atatu amene tinayamba nawo, awiri anamwalira, ndipo pa maliro awo palibe anagona yekha. Mwezi watha mdzukulu wanga wabweretsa mkazi wa ku Nsanje. Lachitatu likudzali ndidzamugwira dzanja kupita naye ku msonkhano, ngakhale miyendo yanga yayamba kukana.

Tsalani bwino nonse.

Ine wanu,
Gogo wa ku Kasungu