Mwana Naye Amvedwe Cikwati Cikatha

Cikwati cikagwedezeka m'midzi ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi, ankhoswe amayamba ndiwo kukhala pansi. Akalephera, nkhani imapita kwa anyakwawa, kenaka ku Local Court. Akulu amagawana mbuzi, njinga ndi nkhokwe, ndipo potsiriza amafika pa ana. Nthawi yonseyi mwana amakhala kuseri kwa nyumba, namamva dzina lake likuchulidwa popanda womfunsa kanthu.

Pa mwambo wa Acewa a Kalonga Gawa Undi, ana ndi a kucikazi, ndipo atsibweni ndiwo eni mbumba. Mwambo umenewu walera ana ambiri. Koma lamulo laonjezapo kanthu. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene dziko la Zambia linabvomereza mu 1991, likuti mwana amvedwe pa nkhani iriyonse yomkhudza. Lamulo la Children's Code la 2022 likutinso ubwino wa mwana ndiwo utsogole, ndipo maganizo ake ayesedwe molingana ndi msinkhu wake.

Komabe kufunsa mwana kuli ndi njira yake. Kumuimika pakati pa bwalo, atate uku amai uku, ndi kumuuza kuti asankhe, ndi kumsenzetsa mtolo wa akulu. Mwana wotere amayankha akuyang'ana nkhope ya amene amamuopa, kapena amabwereza mau amene anamphunzitsa usiku. Akasankha kholo limodzi, amakula akudziimba mlandu kuti anakana linalo.

Wofunsa akhale munthu wosakondera mbali, monga ofesala wa Social Welfare. Amtengere mwanayo padera, nayambe ndi zazing'ono: amene amapita naye ku cipatala malungo akamgwira, amene amamgulira makope, kumene amagona mosaopa. Amleke asimbe yekha, osamuikira mau m'kamwa. Amuuzenso poyera kuti mau ake adzamvedwa, koma ogamula ndi akulu.

Ku Vubwi, kumene kuli malire ndi Malawi ndi Mozambique, kwao kwa kholo lina kungakhale tsidya lina la malire. Mwana akapita kumeneko amasiya sukulu, aphunzitsi ndi anzake, mwina ali pafupi kulemba mayeso. Akulu okangana amaiwala zimenezi. Mwana akafunsidwa bwino amazichula yekha.