Wachipatala wa ku Makanjira afunse yani?

Anzanga ambiri amene akuphunzira udokotala safuna kudzatumizidwa kumudzi. Ine sindiwaweruza. Fumbi ndi kuzima kwa magetsi atha kupirira, koma chimene amaopa n'kukhala okha.

Taganizirani wachipatala wa ku Makanjira. Mayi woyembekezera akayamba kutaya magazi usiku, chipatala cha pa boma la Mangochi chili kutali, msewu nawo nthawi ya dzinja ndi wosautsa. Womufunsa nzeru palibe, pomwe mnzake wa ku Queens katswiri amangomupeza pakhonde.

N'chifukwa chake ndimayamikira kuti College of Medicine, yomwe kuyambira 2021 ili mu KUHeS, inaika maphunziro a family medicine ku Mangochi. Wophunzira amazolowera malungo, likodzo ndi kolera komweko kumene matendawa akusautsa anthu.

Koma digiri payokha sikwanira. Medical Council imafuna kuti achipatala azipitiriza kuphunzira, ndipo misonkhano imachitikadi m'mahotela a kunyanja konkuno. Nanga amene ali yekha pachipatala, odwala awasiyira ndani? Aphunzitsi azimulondola komweko, ku Makanjira kapena ku Namwera, komanso pakhale katswiri woyankha foni usiku. Apo ayi, madokotala tizingophunzitsira Lilongwe ndi Blantyre.