Chilonda cha Nkholokolo

Musitolo ina yogulitsa nsomba zoweta ku Johannesburg, pagalasi panalembedwa kuti Synodontis njassae. Mnyamatayo sanachite kuwerenga. Atangoona ndevu zija, mawanga akuda ndi munga woima pamsana, anatchula dzina limene malemu bambo ake ankatchula pozikola mu ukonde ku Nkhotakota: nkholokolo. Anagula ziwiri n'kukaziika m'thanki yake ya malita 200, momwe munali kale mbuna zisanu ndi zitatu. Poti zonsezo kwawo n'kumodzi, m'nyanja ya Malawi, anayesa zikhalirana mwaubale.

Patatha miyezi itatu, m'nthiti mwa imodzi munaoneka bala laling'ono ngati njere ya mapira. Analinyozera. Sabata isanathe linakula ngati chikhadabo, pakati pofiira, m'mphepete moyera ngati thonje, ndipo inzake nayo inayamba kunyenyeka ndevu. Pakamwa pa Achewa ambiri, bala ndi la tsiku limene munthu wavulala, pomwe chilonda ndi bala limene lakana kupola. Mawu achiwiriwa amabwera ndi funso: chikuliletsa kupola n'chiyani? Funso limeneli mnyamatayo analidumpha.

Anathira mchere. Anagula mankhwala n'kuthira mlingo wonse m'thanki yonse. Anakweza kutentha kwa madzi kufika madigiri 29, poti anamva kuti kutero kumathandiza pa matenda a timadontho toyera. Zonsezi zinangosonkhezera moto. Nkholokolo, monga mlamba ndi kampango, ilibe mamba. Khungu lake lili pamtetete, ndipo mankhwala amene mbuna imapirira, makamaka okhala ndi kopa, iyo amaipweteka. Komanso kuyera konga thonje kuja kawirikawiri sikukhala nkhungu ayi, koma mabakiteriya a columnaris, amene amaswana msanga madzi akafunda.

Lamlungu anaimbira foni amayi ake.

"Iwe, ndiwo ukuigulira mankhwala?" anaseka mpaka kutsokomola.

"Amayi, musaseke. Ikufa."

Mayiwo anakhala chete pang'ono. "Nanga usiku umaiona? Bambo ako ankati imeneyo ndi nsomba ya usiku. Masana sungaidziwe."

Usiku umenewo anazimitsa nyali ya m'thanki n'kukhala pampando mumdima, kuwala kukuchokera kukhitchini kokha. Anaona zimene masana ankabisa. Phanga lililonse pakati pa miyala linali ndi mwini wake, mbuna yaimuna yolusa. Nkholokolo ikati ilowe, inkalandiridwa ndi mano, n'kuthawira kuseri kwa chotenthetsera madzi, komwe inkadzipanikiza m'nthiti momwe munali chilondamo. Ankailuma pomwepo, n'kukapsanso pomwepo.

Kutacha anayeza madzi ndipo anapezamo amoniya. Apa mlandu unali wake. Masabata angapo m'mbuyomo anatsuka siponji ya m'sefa ndi madzi a pampopi, klorini n'kupha mabakiteriya abwino amene amagaya zonyansa za nsomba. Choipa china n'chakuti m'madzi a pH yokwera, amene nsomba za m'nyanja ya Malawi zimafuna, ululu wa amoniya umakula. Bala linayamba ndi mano a mbuna, koma amene analisandutsa chilonda anali madzi ake omwe.

Anakonza thanki ina yaing'ono ya malita 40, yopanda miyala yakuthwa, n'kuikamo zidutswa ziwiri za paipi zoti nsombazo zizibisalamo. Pozisamutsa anazitunga ndi kontena ya pulasitiki, chifukwa minga ya nkholokolo imauma gwa ikaopsezedwa ndipo imakodwa mu ukonde. Zala za bambo ake zinkachitira umboni zimenezi. Kutentha anakutsitsa pang'onopang'ono kufika madigiri 24. Tsiku lililonse ankachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuthiramo ena ochotsedwa klorini. Mankhwala opha mabakiteriya anasankha amene pabotolo panalembedwa kuti savulaza nsomba zopanda mamba. Chakudya ankaika pang'ono, nyali itazima, ndipo chotsala ankachichotsa m'mawa.

Yaing'ono ija, yonyenyeka ndevu, sinapirire. Anaipeza itafa tsiku lachitatu, ndipo m'mawa umenewo anapita kuntchito osamwa tiyi. Yachilonda ija inakana kudya masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi chakudya chinasowa. Kuyera kuja kunayamba kufota, kufiira kunazilala, khungu n'kumakumana kuchokera m'mphepete.

Asanaibwezere m'thanki yaikulu, patatha mwezi wathunthu, anaphwasula miyala yonse n'kuisanja mwatsopano kuti mapanga achuluke kuposa eni ake. Chotenthetsera anachiveka chotchinga, ndipo mbuna yolusitsa anakaibweza kusitolo.

Lamlungu lotsatira amayi ake ndiwo anayamba kufunsa.

"Ndiwo ija yachira?"

"Yachira, amayi. Changotsala chipsera."

"Chipsera si kanthu. Bambo ako anali nazo m'zala zonse."