Dimba la anganga ndi pulasitiki wanga wa pa YouTube

Amayi anandiimbira foni cha kumapeto kwa Epulo 2024, ndipo sanachedwe ndi malonje. "Amalume ako akufuna kubwereketsa dimba lija. Pali bambo wina wa pa Songani watchula kale mtengo."

Dimba lijalo ndi kamalo kakang'ono, kosafika ngakhale theka la bwalo la mpira, kumunsi kwa mudzi wathu, m'mphepete mwa kamtsinje kamene kamakathira mu Domasi. Linali la anganga, anasiyira amayi, ndipo poti kwathu malo amatsata kuchikazi, tsiku lina liyenera kudzakhala langa. Koma amayi bondo linali litawavuta chaka chonse, kusenza makeni sakanathanso. Amalume, monga eni mbumba, sanali kulakwa kwenikweni. Malo ogona amaitana maso a anthu, ndiye bola kubwereketsa pabwereko kandalama. Kungoti kwathu tinaonapo malo obwereketsa "kwa chaka chimodzi chokha" akubwerera anthu atatopa ndi milandu kwa amfumu. Ena osabwerera n'komwe.

Chaka chake chinalinso choipa. Mvula inadula pakati chifukwa cha El Niño, chimanga chambiri chinauma chisanabereke, ndipo mu Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Kunyumba tinakolola matumba anayi basi. Mudzi wonse maso anali kudimba.

"Ndilima ine," ndinatero.

Amayi anaseka mpaka kutsokomola. "Iweyo? Ndi zikhadabo zakozo?"

Ntchito yanga ndi yolembera makampani nkhani za pa intaneti, ndiye imayenda nane kulikonse kumene kuli netiweki ndi pochajira laputopu. Ndiulule pompano: ndinali nditalembapo nkhani zingapo zouza achinyamata anzanga kuti ulimi ndi bizinesi, chonsecho khasu ndinalisiya ndili fomu 2.

Ndinatsika minibasi pa Songani ndili ndi pulani m'mutu. Usiku ndinkaonera pa YouTube anthu a ku England ndi Canada akulima masamba nyengo yozizira m'tinyumba ta pulasitiki, ma greenhouse aja. Ndinati Juni ndi Julayi wa ku Zomba, amene munthu umagona ndi masokosi, kuzizira kwake si komweko? Ndinakagula pulasitiki m'tauni ya Zomba, ndinadulitsa nsungwi, ndinalemba mnyamata waganyu, ndipo pamasiku atatu kanyumba kanaima. M'katimo ndinafesa nazale ya tomato. Ndinajambula, kuika pa status, anzanga n'kumandiyamikira ndi timitima.

Amayi anatsetsereka pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, anakhala pa chitsa, n'kukayang'ana nthawi yaitali. "Wawafunditsa bulangete anawa. Akudwala malungo?"

Pasanathe masabata awiri ndinamva tanthauzo la funsolo. M'mawa kunkazizira inde, koma ikamakwana 11 koloko m'kanyumbamo munkakhala ngati mu uvuni wa mabanzi. Sindinasiye popita mphepo ngakhale pamodzi. Mbande zinatalika, zowonda ngati ulusi, kenako zinayamba kuwola patsinde n'kumagwa chimodzichimodzi. Zotsalazo anamaliza ndi mwera, umene usiku wina unang'amba pulasitiki n'kukamupachika pa mtengo wa mango wa aneba.

Chimene sindinachiganize ndi ichi. Kwa anzathu akunjawo nyengo yozizira ndi mdani: nthaka imaundana ndi chisanu, dzuwa limaoneka maola ochepa, mbewu yosaphimbidwa imafa. Kwathu kuno kuzizira ndi bwenzi la masamba. Repu, mpiru, chayinizi ndi kabichi ndi mbewu zokonda kozizira. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti dzuwa limakhalapo lokwanira, mvula yophwanya mbande kulibe, matenda obwera ndi chinyontho amachepa kupatula masiku a chiperoni. Chimasowa ndi madzi basi. Sikuti greenhouse ndi yopanda ntchito m'Malawi muno, ayi. Ku Lumbadzi, pafupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu, kuli zikuluzikulu. Koma kuno phindu lake lenileni ndi kutchinga mvula yamphamvu ndi tizilombo, kuti munthu akhale ndi tomato mu Januwale ndi Febuluwale pamene wasowa pamsika, ndipo m'mbali mwake amaika neti kuti mphepo izidutsa. Ine ndinakopera yankho la funso la anthu ena.

Ndinayambiranso, ulendo uno amayi ali pa chitsa paja akulamula ngati foromani. Mabedi anati akhale olowa pansi, osati okwera ngati a m'dzinja, kuti madzi azikhazikika m'malo mothawira m'mbali. Nazale tinaiphimba ndi udzu wouma mpaka mbewu zitamera, kenako udzuwo tinaukweza pa timitengo kuti ukhale mthunzi. Patatha pafupifupi mwezi tinawokera, madzulo dzuwa litapepa. Ndipo anandikakamiza chinthu china chimene ndinkachiona ngati kungondizunza: kufesa nazale yatsopano masabata awiri aliwonse, pang'onopang'ono, m'malo mofesa paketi yonse kamodzi n'kuthana nazo.

Za feteleza musachite kufunsa. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba linali litakwera moti sindikanalikwanitsa, makamaka ndalama zina zitapita ndi mwera. Tinapanga Mbeya. Mumatenga makilogalamu 10 a feteleza, kusakaniza ndi ndowe, gaga, phulusa ndi madzi pang'ono, kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati kuti musalowe mpweya, n'kudikira masiku 21. Mumatuluka thumba lathunthu. Fungo lake pomasula, abale, ndinalakalaka kubwerera ku Blantyre tsiku lomwelo. Koma repu anachita kubiriwira, masamba ngati makutu a njovu.

Nsabwe za m'masamba zitabwera tinasinja masamba a nimu, kuviika usiku wonse, kusefa, kuthiramo sopo pang'ono n'kumawaza. Sizipha nthawi yomweyo ngati mankhwala a m'sitolo, umayenera kubwereza. Apa pokha ndilankhulepo mosapsatira. Ndinaona ndi maso angawa anthu akupopera mankhwala madzulo, m'mawa mwake n'kuthyola masamba omwewo kupita nawo kumsika, chonsecho pa botolo analemba masiku oyenera kudikira. Sindikuwaweruza kwambiri, mwana akalira njala masiku asanu ndi awiri ndi ambiri. Koma chiyambire nthawi imeneyo, masamba osalala opanda ndi kabowo kamodzi komwe ndimawakayikira.

Komabe nkhani yonse ya dimba ndi madzi. Mabedi anga anali 24, lililonse makeni anayi. Muwerengere nokha: makeni 96, awiriawiri, maulendo 48 kuchoka pachitsime chimene anganga anakumba pakona pa dimba. Ndinkadzuka kusanache, nkhungu itaphimba phiri la Zomba, madzi akuluma zala ngati moto. Sabata yoyamba mapewa anatupa, usiku ndikalemba pa laputopu zala zinkakana kupindika. Zikhadabo zija ndinadula ndekha, osauzidwa. Amayi anandiphunzitsa kuphimbira mabedi ndi mapesi ndi udzu, ndipo zitatero ndinayamba kuthirira modumphitsa tsiku. Palibe vidiyo imene inandipulumutsa kuposa mapesi amenewo.

Chitsime nacho chinkatsika mwezi ndi mwezi. Mu Juni ndinkatunga nditangowerama. Pofika Ogasiti tinasema masitepe atatu m'dothi kuti ndizitsikira. Kumtunda kwathu kuli bambo wina amene ali ndi pampu ya sola, ndipo akayatsa, kamtsinje kankachepa tikuona. Ndinkamuda mumtima, uku ndikufunsa mtengo wa pampuyo mwakachetechete. Tonse timamwa pa mtsinje umodzi, ife a masamba, a mpunga kumunsi ku Domasi, mpaka asodzi a ku nyanja ya Chilwa imene inaphwa mu 1995 n'kudzatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Ukakhala ndi keni m'manja zimenezi sizikhalanso nkhani za m'buku la jogalafe.

Tsiku loyamba kupita ndi masamba pa Songani ndinavala chitenje chatsopano. Ndinapeza msika wonse uli wobiriwira. Repu uku, chayinizi uko, mpiru mbali yonse. Nyengo imene inakomera dimba langa inakomeranso madimba a aliyense. Mavenda ogula mopikulitsa amadziwa kuti masamba sagona, ndiye amangoima chapatali, manja m'thumba, kudikira dzuwa likwere. Mmodzi anatchula mtengo wa dengu lonse umene sukanakwana ndi bandulo yanga ya sabata. Ndinakana mwaukali. Itakwana 2 koloko, masamba atafota, ndinamuitana ndekha.

Usiku umenewo ndinatsegula kope langa la maakaunti. Ndikachotsa pulasitiki, nsungwi, ganyu ndi mbewu, ndinali m'madzi. Ndinauza amayi kuti mwina amalume akunena zoona.

"Kodi chibwerere iwe, ndiwo tagulapo?" anandifunsa.

Sitinagulepo. M'kope langa munalibe mzere wa zimenezo. Munalibenso mzere wa azakhali anga amene ankabwera kudzathyola mpiru Lachitatu lililonse, kapena wa masamba amene amayi ankafutsa n'kuyanika pa mphasa kusungira masiku oipa. Ndipo tindalama ta tsiku ndi tsiku tija, tochepa momwemo, n'timene tinkagula chigoba cha chimanga matumba anayi aja atatha.

Kenako nazale zija za masabata awiriawiri zinayamba kulankhula. Chakumapeto kwa Seputembala kutentha kunafika, zitsime zosazama zinauma, anthu amene anafesa kamodzi masamba awo anakalamba n'kuchita maluwa. Ine ndinali ndidakali ndi mabedi aang'ono, chitsime cha anganga chikadali ndi madzi ofika m'mawondo. Venda yemwe uja anayamba kubwera yekha kudimba ndi njinga, m'mawa, akundiitana kuti "achemwali". Mtengo ndinkatchula ndine. Sindinalemere, musandimve molakwa. Ndinangobweza za pulasitiki n'kutsala ndi yogulira amayi mankhwala a bondo miyezi iwiri.

Amalume anabwera mu Okutobala. Anazungulira dimba lonse manja kumbuyo, anasuzumira m'chitsime, anathyola tsamba la repu n'kuliyang'ana kuseri ngati akufuna nsabwe.

"Mayi, mwalimadi," anatero. "Koma chaka chamawa mudzakhalanso kuno? Bambo uja akufunsabe."

"Ndidzakhala kuno, amalume."

"Tidzaona mu Epulo."

Anapempha mpiru wa ndiwo zamadzulo, ndinawamangira mpukutu waukulu. Pulasitiki uja tinamutsitsa mu mango, pano anafolera khola la nkhuku.