Masiku atatu, matauni awiri

Munthu wochoka ku Ulongwe safika ku Tete asanadutse pa Moatize. Shapa ikatsika mapiri a Angonia imakhota pa Mussacama nkulowa mumsewu wochokera ku Zobue, ndipo tauni ya malasha ndiyo imayamba kuoneka. Kuchoka pamenepo pamatsala makilomita ngati 20 okha, kuoloka Revubue, kudutsa Matundo, kenaka mlatho wa Samora Machel pa Zambezi. Anthu a kumudzi amangoti konseko nkumodzi. Amatero chifukwa sanayesepo kugawa masiku atatu pakati pa malo awiriwa.

Mkulu wina wa ku Domwe anakumana ndi nkhani imeneyi mwezi wa Okutobala, atagulitsa matumba asanu a mbatata ya kachewere. Mlongo wake anagonekedwa m'chipatala chachikulu ku Tete, ndipo iye ndiye mwini mbumba. Mwana wake wachisamba anali ku Moatize, kumene anapita pofuna ntchito migodi ya malasha itayamba kukumbidwa ndi Vale mu 2011. Mnyamatayo anakwatira komweko mkazi wolankhula Chinyungwe amene makolo anali asanamuone, ndipo kunali kale kamdzukulu. Kupitirira masiku atatu sikukanatheka. Minda inali isanathe kugalauza, mvula ili pafupi, ng'ombe zili m'manja mwa kamnyamata kakang'ono.

Mayi a kunyumba anali ndi mbali yao. "Inu bambo, mlongo wanu ali ndi madokotala. Mwana wathu ali ndi yani? Mukatsike pa Moatize, mukaone kumene akugona." Akuchimuna sanayankhe msanga. Ankadziwa kuti akatsika pa Moatize tsiku loyamba, mpongozi adzapha nkhuku, oyandikana nao adzabwera kudzapereka moni, ndipo dzuwa lidzalowa asanaone wodwala. Ankadziwanso kuti mbiri ikafika kwao yakuti mwini mbumba anayamba kudya nkhuku mlongo wake ali gone, pa maliro alionse adzamuloza chala.

Nzeru ina inachokera kwa mnzake wogulitsa nsomba zouma za chikowa, amene amayenda msewu umenewu kawirikawiri. Iye anati usiku ndi usana zigawidwe padera. Kuchipatala amalola kuona odwala nthawi zoikika, ndipo maofesi amagwira ntchito masana, choncho usana ndi wa Tete. Koma kugona mu Tete nkolipira, ndipo kutentha kwa Okutobala kumapitirira madigiri 40, munthu wozolowera chisanu cha ku Angonia sagona tulo m'kachipinda ka malata. Mwana ali ndi nyumba ku Moatize, ndipo amaweruka madzulo. Usiku ukhale wa Moatize.

Malangizowa anali abwino, koma sanawerenge zonse. Ulendo wokha umadya pafupifupi tsiku lathunthu kupita, lina kubwera, poti shapa sinyamuka isanadzaze. Masiku atatu aja kwenikweni anali madzulo amodzi, tsiku limodzi lathunthu, ndi mmawa umodzi.

Mkuluyo anachita chinthu chovuta. Shapa itaima pa Moatize sanatsike. Anayang'ana milu yakuda ya malasha ndi ngolo za sitima zopita ku Nacala, nakhala chete pampando mpaka kuoloka Zambezi. Anapeza mlongo wake ataonda, koma akulankhula. "Achimwene, mwabwera nokha? Mwanayo mwamuona?" Atamva kuti ayi, mayiyo anakalipa pang'ono, kenaka anagwira dzanja la mbale wake osalisiya mpaka nthawi yoona odwala itatha.

Ku Moatize anafika kutada. Mwana anali atamva kale kwa kondakitala wa kwao kuti bambo ake adutsa masana osatsika, ndipo moni wake unali wozizira. Mpongozi ndiye anagwada nkupereka madzi osamba, kenaka anamuika khanda pamiyendo. Mawa lake mkuluyo anabwerera ku Tete ndi phala la wodwala limene mpongoziyo anaphika mbandakucha, nagula mankhwala amene adokotala analemba, nkudzagonanso ku Moatize. Usiku wachiwiriwo bambo ndi mwana anakhala panja mpaka tambala woyamba, kukambirana za munda wa kudimba umene mnyamatayo anausiya.

Mmawa wachitatu mwana anapempha mnzake kuti amugwirire ntchito, naperekeza bambo ake pokwerera shapa. Anawalipirira ulendo, nawapatsa kathumba ka masau ouma kuti akapatse amayi.